Chenjezo kwa oyika nyali za livesi mwachisawawa

Eni ma Land Cruiser ndi ma Hilux kuno ku Mangochi, komanso inu anyamata a m'magalaja, tatcherani khutu. Palibe akukana kuti tinyali ta livesi tobwera ndi galimoto n'tofooka. Babu lake nthawi zambiri ndi la 21W, ndipo wobweza galimoto usiku padooko ku Monkey Bay, kapena wotembenukira m'matope a msewu wa ku Makanjira, saona chitsa mpaka atachigunda. Kuwonjezera nyali n'kwabwino. Chotidetsa nkhawa ndi kayikidwe kanu.

Munthu angosenda waya wa livesi kuseri kwa nyali, n'kupotokolerapo waya watsopano, n'kukulunga tepi, basi ati wamaliza. Anakuuzani ndani kuti kawaya kameneko kangasenze katundu wotero? Nyali ziwiri za halogen za 55W zimakoka ma amp opitirira 9 pa 12V, ndipo moto wonsewo umadutsa pa kaswichi ka pa giyabokosi komwe anakapangira mababu awiri aang'ono. Kaswichiko kamapsa. Fyuzi ikadukanso, m'malo mofufuza chifukwa, mumamangapo waya wa kopa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Apo ndiye mwathamangitsa mlonda pakhomo. Tsiku la shoti adzapsa ndi mawaya onse, mwinanso galimoto yomwe.

Safunsa anadya phula. Gulani relay (kaswichi koyatsidwa ndi magetsi) ya miyendo 4, ndi yotchipa kuposa swichi ya pa giyabokosi. Musanagwire chilichonse, masulani kaye waya wa negative pa batire. Mwendo wolembedwa 30 ulandire moto kuchokera ku positive ya batire, 87 upite ku nyali zatsopano, 86 mulumikize ku waya wa livesi uja, 85 upite ku earth (chitsulo cha galimoto). Mukatero waya wakale ntchito yake ndi kungodzutsa relay, katundu yense akusenza ndi waya watsopano. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 30. Yoyika kumbuyo pafupi ndi nyali ndi yachabechabe, poti mamita onse a waya wodutsa pansi pa galimoto amakhala opanda chitetezo. Nyali ziwiri za LED za 18W zimakoka ma amp 3 okha, choncho fyuzi ya 5A ndi waya wa 1.5mm² zikwanira. Za halogen zija zimafuna fyuzi ya 15A ndi waya wa 2.5mm². Waya wa sipika musiyireni wailesi.

Tikumbutseko apa: ma Land Cruiser ena akale a dizilo ochokera ku Japan ndi a 24V. Yezani kaye, chifukwa relay kapena babu la 12V silichedwa kupsa pamenepo.

Tsono njira ya waya. Mulowetseni m'kapayipi kapulasitiki, mutsate chasisi chakumtunda, mumange pafupipafupi, kutali ndi ekizozi ndi masipuling'i. Paliponse pomwe waya akuboola chitsulo payikidwe kamphira. Kugwedezeka kwa misewu yathu yafumbi kumacheka waya pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa kanthu. Earth musamange pa penti kapena pa dzimbiri: palani chitsulo mpaka chiwale, mangani ndi bawuti, pakani gilizi pamwamba. Nyali yothwanima mukagunda bampu, kawirikawiri vuto lake limakhala pomwepo. Ndipo inu oloza matako a galimoto m'nyanja potsitsa boti, tepi samatha madzi. Polumikiza pawotcheredwe, patsekedwe ndi heat shrink (kapayipi kofinyika kakatenthedwa), nyali ikhale yolembedwa IP67 (yosalowa madzi ndi fumbi), relay ikhale m'boneti pamalo okwera, miyendo yake italoza pansi.

Nkhani yomwe ikutiwawa kwambiri ndi ya swichi yapadera. Ena mumaika swichi yoyatsira nyaliyi popakira nsomba kapena pomanga katundu, zomwe sizolakwika. Koma kuiwala kuzimitsa n'kuyenda nayo msewu wonse kuyambira pa Boma mpaka ku Nkope, kuwala koyera kuli m'maso mwa wa kabaza ndi wa njinga yamoto amene akukutsatani, ndi nkhanza. Munthuyo sakuona woyenda pansi m'mbali mwa msewu, sakudziwanso ngati mukupita kapena mukubwerera. Pa zitunda zokhotakhota zopita ku Namwera, kamphindi ka khungu kameneko n'kokwanira kugwetsera munthu kuphompho. Swichi ikhale ya malo atatu, kuyaka ndi livesi, kuzima, ndi kuyatsa pamanja, komanso ikhale ndi kagetsi kochenjeza pa dashibodi. Mukagwiritsa swichi wamba, ikani diode (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha) pa waya wochokera ku livesi kuti moto usabwerere kukayatsa tinyali takale.

Nyali ikhale ya flood yomwaza kuwala, osati spot yoloza kuwala patali, ndipo muiweramitse kuti iwunike pansi mamita ochepa kumbuyo kwa bampala. Poyesa, injini ikhale yozima, kiyi pa ON, handibuleki yokoka, mwala kutayala. Ana aja amaunjikana kumbuyo kudzaonerera, achotseni kaye musanalowetse giya.