Wina andiuze chimene nkhanga ija inalakwa

Ndakwiya ndipo sindibisa. Ndatuluka m'mawa uno cha m'ma 7 koloko, ndapeza anyamata awiri a maovololo ali pa bokosi la mawaya lija lili pakona pa msewu wathu, wina wagwira chitini, wina bulashi yaikulu yopakira makoma. Nkhanga imene inajambulidwa pa bokosilo inali itapita kale. Mutu wokha ndi umene unatsala, diso likundiyang'ana, thupi lonse lili mbuu ngati phulusa. Ndinati, ana anga, mukuchita chiyani? Wa bulashi sanacheuke n'komwe. Wa chitini ndi amene anayankha: "Mayi, ife tangotumidwa. Akuti mabokosi onse akhale mtundu umodzi." Pomwe imakwana 8 koloko diso lija anali atalitseka, akwera galimoto, ulendo.

Mtundu umodzi! Inu eni mabokosiwa, ndiye mwaukumbukira lero mtundu umodziwo?

Bokosi limenelo ndakhala ndikulidutsa zaka zoposa 10. Ndikulidziwa ngati chitseko cha nyumba yanga. Munsi mwake dzimbiri linali litadya mpaka kuyamba kufumbutuka. Maposita ankamatana pamwamba pa anzawo, wa ngongole pamwamba pa wa nyumba ya lendi, wa nyumba ya lendi pamwamba pa nkhope ya munthu amene analuza chisankho kalekale, mvula ikagwa zonse n'kumalendewera ngati nsanza. Wina anakanda ndi msomali mawu otukwana, akuluakulu, oti mwana aliyense wongophunzira kumene kuwerenga ankayesererapo. Kuseri kwake kunali chimbudzi cha aliyense wobwerera mochedwa. Fungo lake ukamadutsa masana, umachita kugwira mphuno. Zaka 10 zimenezo galimoto ya eni ake sinaimepo ndi chitini cha penti ngakhale tsiku limodzi. Palibe bwana amene anasowa tulo chifukwa cha mtundu. Litsiro silinakuvuteni. Kutukwana sikunakuvuteni. Mikodzo sinakuvuteni. Chakuvutani ndi nkhanga.

Amene anaijambula ndi mtsikana wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Sanadzuke usiku n'kukapaka mobisa ayi. Analemba kalata, anajambula papepala chimene akufuna kuchita, anayenda maulendo atatu kukadikira pabenchi, mpaka anamupatsa chilolezo chodindidwa. Pepalalo ndinaliona ndi maso angawa, analikutira m'pulasitiki ngati satifiketi ya sukulu. Tsiku loyamba sanagwire n'komwe penti. Anatha tsiku lonse akunyowetsa maposita ndi madzi a sopo n'kumapala ndi kachitsulo, kenako sandipepa pa dzimbiri mpaka zala kuchita matuza. Anamata tepi pa loko, pa mahinjesi, pa nambala ya bokosi, pa chikwangwani chachikasu chochenjeza chija, ndi pa timipata totulukira mpweya, kuti penti asalowe. Anayamba ndi penti woyera wa pansi, n'kudikira kuti aume. Ndinamufunsa kuti iwe bwanji osangoyamba kujambula, iye anaseka n'kunena kuti, "Amayi, chitsulo chikapanda kukonzedwa, penti amasupuka mvula yoyamba."

Loweruka lachiwiri ndi limene sindidzaiwala. Thupi la nkhanga litauma, anaitana ana a mumsewu monse, anathira penti woyera pachivindikiro, mwana aliyense n'kuviika chala n'kudinda. Mawanga onse a nkhanga ija anali zala za ana athu. Kamwana kena kakang'ono, kosatha kufikira, anachita kukanyamula, ndipo dontho lake linatsetsereka n'kukhala ngati msozi pakhosi pa nkhanga. Mtsikana uja sanalifufute. Kuyambira tsiku limenelo kamwanako kankati kakamadutsa ndi amayi ake kamaloza, "Changa icho!" Lero kakadutsa kaloza chiyani?

Milungu isanu ndi umodzi. Ndi moyo wonse wa nkhanga ija umenewo. Ndipo m'milungu imeneyo palibe anamatapo posita. Palibe anakodzapo. Abambo ena amene sindinawaonepo atagwira tsache ndinawapeza tsiku lina akuzula udzu kuzungulira bokosilo. Anthu anayamba kulondolerana njira ndi iyo: mukafika pa nkhanga mukhote kumanja. Chinthu chimene tinkachidutsa titagwira mphuno chinasanduka chizindikiro cha msewu wathu. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Bokosi lija linaipa, palibe angatsutse, chitsulo cha makona anayi chilibe nkhope yoti n'kunyadira. Koma linaphunzira nyimbo. Inu mwabwera n'kulitseka pakamwa.

Ndamva kale kuti ofesi imene inapereka chilolezo si imene imatumiza opaka penti, kalata sinafike, kaya chiyani. Nkhanga zinapangana kusanapse, koma maofesi awiri a nyumba imodzi alephera kupangana. Zimenezo ndi zanu, ine sizikundikhudza.

Chimene chikundikhudza n'chakuti maso anu amaona kukongola kokha ngati vuto. Chonyansa mumachidutsa, chokongola mumachiimira galimoto. Mwana wa eni ake wagula penti ndi ndalama zake, wakuchotserani dzimbiri limene likanaboola chitsulo chanu, wakusungirani katundu wanu ulele, malipiro ake ndi amenewa? Akanakanda mawu otukwana ndi msomali, bwenzi alipo mpaka lero, zaka 10 zina osafufutidwa. Ndiye phunziro limene mwapereka kwa ana a msewu uno ndi lotani? Kuti ukafuna ntchito yako ikhalitse, wononga. Ukakonza, akufafaniza.

Ndipo musandiuze kuti zimenezi n'zachilendo kapena n'zamasewera a ana. Ku Brisbane, m'dziko la Australia, khonsolo ya mzinda inayamba mu 1999 kuitana anthu wamba kuti azijambula pa mabokosi a maloboti, ndipo ntchitoyo amaitcha Artforce. Anthu wamba ndithu: ana a sukulu, mabanja, magulu a m'dera. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho pano ndi bambo kapena mayi wa ana, ife tikadali kukangana ngati nkhanga ingaloledwe kukhala pa bokosi. Ku Fort Collins, ku America, anayamba mu 2006, ndipo chifukwa chake sichinali kukonda maluwa. Anatopa ndi kutumiza anthu kukafufuta zolembalemba za anthu owononga pa mabokosi a magetsi, lero wafufuta mawa alembanso. Anaona kuti pamene pali chithunzi chodzaza mitundu, wowononga uja amasowa malo, ndipo nthawi zambiri amangodutsa. Mzinda wa Boston ku America komweko unatsatira mu 2008, Toronto ku Canada mu 2013, Dublin ku Ireland mu 2015. Ku New Zealand ndi kampani ya mawaya a foni ndi intaneti yeniyeniyo, Chorus, imene imalipira ojambula kuti akongoletse mabokosi ake. Mwamva? Mwini bokosi kulipira wojambula! Kwinako amamulipira, ife timamutumizira anyamata a bulashi.

Ndikudziwa kuti pabwera wina pansipa kudzandiphunzitsa za chitetezo. Bwerani, ndakudikirani. Inde, m'kati mwa bokosi muli zipangizo zimene zimatentha. Inde, penti wakuda amakoka dzuwa, n'chifukwa chake m'mizinda yambiri imene amachita zimenezi amauza ojambula kuti asachulukitse mitundu yakuda, asatseke timipata ta mpweya, asapake pa loko, pa nambala kapena pa chenjezo. Malamulo amenewa ndi abwino ndipo mtsikana uja anawatsatira onse, mpaka nkhanga yake anaipanga yobiriwirako ngati mtambo m'malo moida. Tsopano pitani mukaone zimene achita akatswiri anu a chitetezo m'mawa uno. Chikwangwani chachikasu chija achipaka theka. Nambala ya bokosi sikuwerengekanso. Penti wayenderera n'kulowa pabowo la kiyi, moti tsiku limene mudzafune kutsegula mwachangu mudzayamba mwapala kaye. Sanatsuke, sanapale, angopaka pamwamba pa fumbi. Amene analemekeza bokosi lanu ndani pamenepa, wa chilolezo m'pulasitiki uja kapena awa?

Anyamata aja sindikuwada. Nawonso ndi ana a eni ake, akusaka ya sopo. Ngakhale ndinene kuti wa bulashi uja, pamene ankafika pa diso, akanatha kuima kaye n'kuimba foni. Munthu uli ndi maso, ukuona kuti ichi wina anachivutikira, dzanja silinjenjemera? Koma mlandu weniweni uli ndi amene anakhala pampando n'kulemba kuti "mtundu umodzi" asanapondepo phazi mumsewu uno. Kwa iye msewu ndi mzere papepala. Sadziwa kuti pali anthu amene amatsegula zenera m'mawa uliwonse n'kuyang'anizana ndi chitsulo chake. Bokosi ndi lanu, sitikukana. Koma maso amene amaliona tsiku ndi tsiku ndi athu. Munaliika pakhomo pathu osatifunsa, sitinadandaule chifukwa tikudziwa ntchito yake. Tangopempha chinthu chimodzi chokha, kuti lisamatinyanse, ndipo sitinakupempheni n'komwe kuti mutichitire, tinachita tokha. Chimenechonso mwatilanda.

Phulusa si ukhondo. Ndibwerezenso kuti amene ali kumbuyo amve: kupaka chinthu mtundu wa phulusa si kuchisamalira. Bokosi lotuwa ndi pepala lopanda kanthu, limaitana aliyense wa guluu ndi aliyense wa msomali. Ndikukuuzani pano, lembani penapake: sabata ino isanathe pakhala posita. Mwezi usanathe fungo libwerera. Ndipo galimoto ija sitidzaionanso, chifukwa bokosi lidzakhala litabwerera mmene mumalikondera.

Mtsikana uja ndakumana naye masana. Anaima patali pang'ono, chikwama kumsana, akungoliyang'ana. Ndimayembekeza kuti alira kapena atukwana, ndipo ndikanamuthandiza kutukwanako. Iye anangoti, "Amayi, penti wake ndi wopyapyala, mawanga akuonekerabe pansi." Ndinayandikira. Zoonadi. Ukapendeka mutu dzuwa likamawomba cham'mbali, timadontho ta zala za ana tikuoneka titatukuka pansi pa phulusalo. Ngakhale kufafaniza komweko simukutha.

Ndipo poti muli ndi galimoto, mafuta ndi anthu oti n'kuwatuma, tandiuzani za bokosi lina lija lili kumunsi pafupi ndi pokwerera basi. Chitseko chake chinathyoka chaka chatha, chikulendewera pa hinjesi imodzi, wina anachita kuchimanga ndi waya kuti chisamamenye anthu kukawomba mphepo. Mawaya ali panja yaviyavi ngati matumbo. Mvula imalowa mmene ikufunira. Ana akamachokera kusukulu amasuzumiramo, ena amapisamo timitengo. Taimba foni kangati? Ine ndekha kanayi, ndipo ulendo uliwonse amandipatsa nambala ya dandaulo n'kundiuza kuti abwera. M'mawa uno anyamata anu analidutsa bokosi limenelo popita, analidutsanso pobwerera. Limenelo ndi lotuwa kale, ndiye kwa inu lili bwinobwino.