Damu la Lutembwe likudwalira kumapiri

Abale anga a ku Chipata, mundipirire lero, ndilemba zotalikirapo, chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira Loweruka.

Tsikulo ndinaperekeza amalume kudimba kwawo, kumtunda kwa damu la Lutembwe, limene limatipatsa madzi a m'mipopi. Usiku wake kunali kutagwa chimvula, ndipo kamtsinje kodutsa m'mbali mwa dimbalo kanali kofiira ngati dothi loumbira njerwa. Amalume anatunga madziwo m'botolo la pulasitiki n'kuliimika pamwala. Titamaliza kuthyola tomato womaliza wa chaka chino anandiitana. "Mphwanga, tabwera udzaone." Pansi pa botolo panali patadikha matope ochindikala ngati chala chamanthu. Anandiyang'ana n'kuti, "Ili ndi botolo limodzi lokha. Nanga mtsinje wonsewu, usiku wonse, katundu ameneyu ukukamutula kuti?"

Ukukamutula m'damu. Madzi othamanga amasenza dothi, koma akafika pamene khoma lawaimitsa amafooka n'kulisiya pansi. Chaka ndi chaka damu limakwera kuchokera pansi ife osaona, chifukwa pamwamba pamaonekabe madzi. Mu Marichi limadzaza mpaka kusefukira ndipo timakondwa, osadziwa kuti ladzaza msanga chifukwa mimba yake yachepa. Timadzadziwa mu Okutobala, mpopi ukayamba kutulutsa mphepo yokha, amayi ndi ana ali pamzere ndi zigubu, anyamata a njinga akukweza mtengo wa chigubu chimodzi. Pamenepo timakalipira ogwira ntchito zamadzi. Koma iwo sangatipatse madzi amene damu silinasunge. Ndipo madzi amatope aja amafuna mankhwala ambiri kuti ayere, ndalama yake imadzatipeza pa bilu.

Chimene ndikufuna kunena ndi ichi: damu silitetezedwa pakhoma pake. Limatetezedwa kumtunda, paphiri, pa tsiku limene munthu akuloza ndi dzanja kuti ploti yanu iyambira pamtengo uwu kukafika pamwala uwo. Tsiku limenelo likadutsa popanda wofunsa kuti madzi a pano amatsikira kuti, zotsalazo zimangokhala kuthamangira matope ndi fosholo.

Dzina la mzinda wathu likunena mpata wa pakati pa mapiri. Tinabadwa mapiri atatizinga, ndipo amene munakulira kuno mukukumbukira mmene phiri la Kanjala ndi anzake ankaonekera, muombo ndi msuku zili thithithi, bowa ndi masuku tikutola tikaweruka kusukulu. Kwezani maso lero. Malata akukwera phiri chaka chilichonse, makamaka chiyambire 2017 pamene Chipata anapatsidwa ulemu wokhala mzinda. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka. Denga limodzi la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi limalandira malita 100,000, ndiwo zigubu 5,000 za malita 20. Pamene panali mitengo ndi udzu, madzi ambiri mwa amenewo ankalowa pansi pang'onopang'ono n'kukatulukira m'madambo m'chilimwe. Pamene pali malata ndi bwalo losesedwa, amatsika onse nthawi imodzi, kukumba zigwembe m'misewu, kusenza dothi, zinyalala ndi za m'zimbudzi zosefukira. Ndiye tikuluza kawiri: m'dzinja tikulandira matope, m'chilimwe akasupe akuuma.

Pano ndisiyane ndi anzanga ena amene nkhani ya mapiri ikangoyamba amathamangira kuloza wootcha makala. Inde, makala akutha mitengo, sindikukana. Koma bambo wopalasa njinga yonyamula matumba asanu kuchokera kumudzi m'bandakucha akugulitsa kwa yani? Kwa ife. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, mbaula inayaka m'nyumba iliyonse, ya wosauka ndi ya wolemera. Chaka chomwecho, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Amene chimanga chinawapserera m'munda analowa m'tchire ndi nkhwangwa kuti ana adye. Munthu wotere ndingamupemphe kuti tipeze njira ina, koma sindingamusenzetse mlandu wonse. Chitsa chimene iye wasiya chimaphuka mukachileka. Paphiri pamene galimoto yokumba yasalaza kuti pamangidwe nyumba yosanja, pamene pathiridwa simenti, sipadzameranso kanthu. Ngati tikujambula mzere woti apa pasamangidwe, uyambe wagwira wa ndalama. Ukagwira wosauka yekha, palibe adzaulemekeze, ndipo ine sindidzauikira kumbuyo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malamulo tili nawo kale. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani yaikulu ya chitukuko, imene amaitcha IDP, yosonyeza pomanga nyumba, polima, ndi malo osayenera kukhudzidwa, ndipo limati anthu afunsidwe pulaniyo ikamakonzedwa. Lamulo lomwelo limalola khonsolo kupangana ndi mafumu za kagwiritsidwe ka malo a mafumu. Mfundo imeneyi kwa ife ndi yaikulu, chifukwa madzi amene timamwa m'tauni amachokera kutali ndi malire a tauni, m'midzi ya anyakwawa, kumene mawu a mfumu amalemera kuposa chikalata chochokera ku ofesi. Mvula sidziwa kuti apa pathera malo a khonsolo. Lamulo la zamadzi la 2011, limene linakhazikitsa WARMA, bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno, limapereka mphamvu yolengeza malo kuti ndi otetezedwa chifukwa cha madzi. La zankhalango la 2015 limalola mudzi kupanga gulu lake n'kupatsidwa ufulu woyang'anira nkhalango yake. Zida zonsezi zapachikidwa kudenga ngati khasu m'chilimwe, zikudikira woti azitsitse.

Ena mudzati kulankhula sikuthandiza, akuluakulu amachita zimene afuna. Funsani anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Chalimbana ku Lusaka. Nkhalango ya Forest 27, kumene mtsinjewo umayambira, inachotsedwa chitetezo mu 1983. Anthu ataona madzi akuchepa analemba pempho, anasaina, sanatope, ndipo mu 1996 boma linaibwezera chitetezo. Kuyambira 2017 mbali zina zinadulidwanso kuti pakhale maploti, ndipo anthu anapita nayo kukhoti. Nkhani imeneyi imandiuza kuti mawu a anthu wamba amasuntha mzere pamapu, komanso kuti mukangotembenuka mzerewo umasunthidwanso. Ndipo amene mumapita ku Blantyre mwaona phiri la Ndirande mmene linametedwera m'zaka za m'ma 1990, ndi mmene damu la Mudi lili m'munsi mwake lavutikira ndi matope. Sindikufuna adzukulu athu adzaloze Lutembwe momwemo.

Kunena zoona, kusiya malo osamanga kuli ndi mtengo wake, ndipo wina amaulipira. Amalume anga omwe ali ndi mizere ya ndiwo yofika pafupi ndi madzi, ndipo ndinawauza maso ndi maso kuti mzere ukadzajambulidwa, mizere imeneyo idzapita. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Ndingabwerere m'mbuyo, mphwanga, malinga andiuze poyera kuti malire ndi apa, ndipo wa kutsidya nayenso abwerere." Sanapemphe zambiri. Anthu athu sakana malire, amakana malire obwera usiku, osafotokozedwa, ogwira ena n'kulumpha ena. Wobwerera m'mbuyo athandizidwe ndi mbande za nsungwi ndi udzu wa vetiva wobzala m'mphepete mwa mtsinje, aloledwe kupachika ming'oma ya njuchi m'mitengo yotsalayo kuti malowo azimupatsabe kanthu. Alimi ogwira ntchito ndi COMACO, bungwe lothandiza alimi kuteteza chilengedwe, m'chigawo chino aonetsa kale kuti mitengo ya gliricidia m'munda ndi uchi m'nkhalango zimabweretsa ndalama popanda kugwetsa mtengo. Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Timapempha mijigo, ndipo n'zoyenera, koma mjigo umakoka madzi amene phiri linamwetsa pansi. Ndani mwa ife anaimapo pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya wadi n'kupempha kuti gawo la ndalamazo liteteze pamene madziwo amalowera?

Ine sindinaimepo, ndipo zimenezo ndikuzisintha. Msonkhano wotsatira wa wadi yathu ndikupita, ndipo ndikafunsa a khansala zinthu zimene aliyense ali ndi ufulu wofunsa: mapu a IDP tingawaone kuti, akusonyeza chiyani pa mapiri ndi timitsinje tothira m'damu la Lutembwe, ndipo pangano ndi mafumu a kumtunda lilipo kapena ayi. Amalume avomera kukalankhula ndi anyakwawa a mudzi wawo, pakuti kumeneko mawu awo ndi amene amamveka, osati anga.

Kwa inu ndikupempha chinthu chimodzi. Timitsinje tambiri totsika m'mapiri athu tilibe maina pamapu a boma, koma agogo athu amatidziwa tonse, amadziwa pamene panali kasupe, pamene panali manda kapena msitu wosadulidwa. Afunseni sabata ino, mulembe dzina la kamtsinje, mudzi wake, ndi mwezi umene kamauma masiku ano, munditumizire. Ndikufuna kukalowa mumsonkhano uja ndi mndandanda umenewo m'dzanja limodzi. M'dzanja linalo mudzakhala botolo la amalume, ndalisunga pawindo, matope ake adakali pansi.