Voyager 2 inangodutsa pa Uranus

Alembi, mwalemba kuti pulaneti la Uranus tinalidziwa kale chifukwa chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 2 chinafikako. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Chombocho chinangodutsa pa 24 Januwale 1986, ndipo mpaka lero palibe china chinapitakonso. Mu 2024 akatswiri ataunikanso zomwe chinatumiza, anapeza kuti masiku amenewo mphepo yochokera kudzuwa inali itafinya mphamvu ya maginito ya pulanetili, zomwe sizichitikachitika. Kuno ku Mulanje mlendo akafika tsiku la chiperoni, phiri lonse litakutidwa ndi nkhungu, angakanene kwawo kuti waliona? Mpake mu 2022 asayansi a ku America anapempha NASA, bungwe lawo loona za m'mlengalenga, itumize chombo chokazungulira Uranus kwa zaka. Ana amene ndimaphunzitsa amandifunsafunsa za Uranus, ndikulakalaka adzaone zithunzi zatsopano.