Moni wa mphindi 40 m'tchalitchi

Lamulungu lapitali tinatuluka m'tchalitchi kwathu ku Ndirande nthawi itadutsa 1 koloko, njala itatipweteka. Chifukwa chake? Kunabwera "mlendo wolemekezeka." Anafika ulaliki uli mkati, ndi galimoto zitatu, ndipo agogo ena amene amakhala pa benchi lakutsogolo chifukwa samva bwino anawasamutsa kuti abwana akhale.

Kenako maikolofoni. "Ndingopereka moni," amatero andale onsewo. Moniyo anatha mphindi 40. Atiwerengera vesi lakuti maulamuliro achokera kwa Mulungu, atikumbutsa kuti Malawi ndi dziko loopa Mulungu, atiuza kuti wokonda dziko lake sadandaula. Envelopu anaipereka ataikweza m'mwamba kuti wojambula aione bwino. Nthungululu zinalira. Inenso ndinaomba m'manja, ndisaname, poopa maso a anthu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti guwa lomweli linali ndi mano. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yonena za malipiro ochepa ndi anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndipo chaka chotsatira tinavota pa referendamu yobweretsa ndale za zipani zambiri. John Chilembwe, amene nkhope yake timayenda nayo m'thumba, analinso mbusa, ndipo mu 1915 anafera anthu ozunzika m'minda ya atsamunda.

Lero abusa athu, mmalo mofunsa za mtengo wa chimanga kapena mankhwala osowa m'zipatala, angoti, "Bwana, mutikumbukire pa malata." Agogo aja anaweruka osamva kanthu.