Amayi anga awaikira mtengo wa msoti

Ndaweruka 7 koloko m'mawa uno, miyendo yatupa ngati mbatata za ku Makhanga, koma tulo takana. Ndiye mundimvere basi, inu a ku Bangula, a kwa Tengani, a ku Ngabu, nonse amene mumati ife a ku America tikadandaula ndiye kuti takhuta.

Amayi abwerera kumudzi dzulo, chimanjamanja. Ulendo wake mukuudziwa: minibasi ya m'bandakucha, kutsitsidwa pa Nchalo kuti mukwere ina, fumbi, kukwera zitunda za Thabwa injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa, kugona kwa azakhali ku Ndirande, kenako basi ya ku Lilongwe, ku ofesi ya kazembe wa America kukapempha visa yodzandiona. Munthu wa zaka 64, wa BP, chitenje cha kutchalitchi chosita bwino chili m'jumbo kuti chisade. Madola 185 a fomu ndinalipira kalekale, ndipo amenewo sabwerera. Mafunso anayankha onse. Mukukatani? Kukaona mwana wanga, ali ndi pakati. Mudzabwerako? Nanga mbuzi zanga ndisiyire ndani. Kenako anawauza mwaulemu ndithu kuti visa ikhoza kutuluka, koma ayambe apereka chikole cha madola 10,000.

Chikole! Ine ndimadziwa chikole chopereka mnyamata akafuna mbeta, kapena wailesi imene umasiya kwa wakatapila. Ichi n'chikole cha munthu wamoyo, mayi wondibereka. Mitengo imene anaika mu 2025 inali itatu, 5,000, 10,000 ndi 15,000, ngati pa msika wa ng'ombe: thole, msoti ndi nkhunzi. Wofunsa mafunso ndiye amakuyang'ana n'kusankha. Amayi agwera pa msoti. Pa mtengo wa kubanki ndi ndalama zopitirira K17 miliyoni, za pamsika wakuda musandifunse, mutu ungandiwawe. Pa foni amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Mwananga, bambo ako pondilowola anapereka mbuzi ziwiri ndi khasu, ndipo anadandaula mpaka tsiku lomwalira. Azunguwa andiona chiyani ine?" Ndinaseka nawo, kenako ndinakadzitsekera m'bafa la kuntchito.

Zimenezi zinayamba pa 20 Ogasiti 2025, ndipo pa maiko onse a padziko lapansi oyamba kusankhidwa anali awiri, Malawi ndi Zambia. Ku World Cup ya mpira wamiyendo sitinapondeko chiyambire, koma apa ndiye tatsogola. Akuti ndalamazo amabweza munthu akachoka pa nthawi yake. Zikomo kwambiri, koma uzipeze kaye. Ndipo poyambapo ukalipira sunkaloledwa kutera paliponse, ma eyapoti ake anali atatu: Boston, New York ndi Washington. Ine ndili ku South Bend, ku Indiana, Chicago ali pamphuno pomwepa, maola awiri pa galimoto. Ayi, amayi amene Chingerezi chawo chimathera pa "thank you" akatere ku New York, akasake okha ndege ina. Zonsezi kuti adzakhale masiku osapitirira 30.

Za ntchito sindinena zambiri, anzanga a kuno mukudziwa. Kutembenuza nkhalamba maola awiri aliwonse, kusintha matewera, kutukwanidwa ndi munthu amene ukumupukuta, n'kumamwetulira. Chipale chayamba kale, ine mwana wobadwira kumene dzira lingapse pa mchenga mu Okutobala. Pepala la malipiro likabwera, boma la dziko ladyapo, boma la Indiana ladyapo, ngakhale boma la dera ladyapo, iwe umalandira makoko. Ndiye kuyambira pa 1 Januwale 2026 pali msonkho wina, 1 peresenti pa ndalama iliyonse imene titumize kwathu ngati tapereka kashi pa kauntala. Poyamba ankafuna 5, anatsitsa kufika 3.5, n'kudzathera pa 1, ndipo ena mwa ife anaombera m'manja ngati tapatsidwa mphatso. Ndalama yolipira kale msonkho, ikamapita kukagula thumba la chimanga pa Bangula ilipirenso. Achimwene, mwamva? Kuyambira Januwale 2026 mukamapempha ya feteleza muzidziwa kuti a Trump nawo akudya nanu.

Koma chikole, abale. Madola 10,000.

Pali mdala wina amene ndimamusamalira, anali woyendetsa mathiraki, sitiroko inamupha mbali imodzi koma pakamwa inasiya dala. Pamwamba pa bedi lake anapachika mbendera yachikasu ya njoka yodzipinda, ija ya anthu amene amati boma lisawaponde. Ndi wa gulu la ma libertarian, amene chikhulupiriro chawo n'chakuti boma likhale laling'ono, lisalowerere m'thumba mwako, m'nyumba mwako kapena m'foni mwako. Kwa iye msonkho ndi umbava wovala tayi. Ron Paul, wandale wa maganizo amenewa, amamutchula ngati m'busa wa mpingo wake. Usiku wathawu anaona maso anga ofiira, ndinamuuza. Ndimayembekeza kuti anena zoti alendo tachuluka. M'malo mwake anamenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo lija, n'kuyamba ulaliki ine ndikumupaka mafuta kumsana.

Ati vuto si Trump yekha, vuto ndi ndodo. Pulezidenti aliyense amaipeza ndodo pampando, amaiwonjezera mfundo, n'kusiyira mnzake, palibe amene anaithyolapo. Bush, ndege zitagunda nsanja zija mu 2001, anasaina Patriot Act, lamulo lowonjezera mphamvu za boma pa ukazitape, mu 2002 n'kukhazikitsa unduna watsopano wa chitetezo cha m'dziko, ndipo ICE, nthambi yogwira ndi kuthamangitsa alendo imene timaiopa tonsefe, inabadwira mmenemo mu 2003. Obama anabwera ndi mawu okoma, koma mu 2013 Edward Snowden anaulula kuti boma likusonkhanitsa mbiri ya mafoni a anthu mamiliyoni. Biden mu Epulo 2024 anasaina kuti lamulo lina la ukazitape lipitirire. Ndiye wabwera uyu, amene analonjeza kuchepetsa boma. Wafukula lamulo la 1977 la nthawi ya ngozi n'kuikira msonkho katundu wa pafupifupi dziko lililonse, pamene malamulo aakulu a dzikoli amati msonkho ndi ntchito ya aphungu, mpaka mlandu wake wafika ku khoti lalikulu. Wafukula lina la 1798 lothamangitsira alendo. Asilikali anawatumiza m'misewu ya Los Angeles mu Juni 2025, ya Washington mu Ogasiti. Mwezi womwewo boma linatenga pafupifupi 10 peresenti ya kampani ya Intel. Lamulo lalikulu la pa 4 Julayi, lomwe lija muli msonkho wa ndalama zathu, linakweza malire a ngongole ya boma ndi madola 5 thililiyoni, ndipo a chipani chake amene anakana anali owerengeka, monga Rand Paul ndi Thomas Massie. Ngakhale chikole cha amayi, ati, aphungu sanachivotere mu 2025. Mphamvuyo inali gone m'lamulo lakale, wina wangoidzutsa ndi cholembera.

Ndinamufunsa kuti nanga inu munavotera ndani. Anayang'ana kudenga. Ati anzake anamukuwiza Trump pa msonkhano wawo mu Meyi 2024. Ndati sindinafunse za anzanu, agogo. Anapempha madzi.

Ndipo musaganize kuti ndalowa mpingo wake. Munthu wodana ndi boma chonchi, bedi limene wagonapo, thewera limene wavala, ngakhale malipiro anga omupukutira, zonse amalipira ndi boma lomwelo kudzera ku Medicaid, thandizo la chipatala la anthu osowa. Ndikamukumbutsa amati akungotenga zimene anamubera. USAID itatsekedwa mu Julayi 2025 anasangalala, ati kumeneko ndiye kuchepetsa boma. Ndinamuuza kuti eya, pochepetsa munayambira pa mankhwala ndi phala la ana a kwathu, koma pa mfuti ndi ndende mwawonjezera. Iyeyu sanaonepo Shire ndi Ruo zitakumana pakhomo pake. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga anagona m'mitengo, ndipo amene anawatsitsa si msika, anali maboti ndi ndege za asilikali. Freddy atabwera mu Malichi 2023 palibe amene anafuula kuti boma lichepe. Ine boma lobwera ndi boti ndimalifuna. Chondiwawa n'chakuti boti limachedwa masiku atatu, koma wotolera msonkho sanachedwepo.

Komabe pa nkhani ya ndodo mdalayu sananame, ndipo sindinafunikire mzungu kuti andiphunzitse. Amayi omwewa anandiuza mmene ankabwezedwera pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, a Youth atatchinga ndi chingwe, mayi wapakati n'kugulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana wam'mimba. Lero ine wapakati ndikuuzidwa kuti ndigule khadi la madola 10,000 kuti agogo aone mdzukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amapereka lisiti. Thonje lathu ankagula ndi ADMARC yokha, pa mtengo wonena iwo, ndiye ndikamva kuti boma la America layamba kugula magawo m'makampani ndimangoti tafika, kuno n'kwathu. Nanga a Gwanda Chakuamba, mwana wa kwathu ku Nsanje? Anali mkulu wa a Payoniya, ndodo ili m'manja mwawo. Mu 1980 ndodo yomweyo inawatembenukira, anakatuluka m'ndende mu 1993. Amene akuombera m'manja kuno poti ikumenya alendo akanapita kukafunsa ku Nsanje. Akakafika akaonenso doko lathu limene a Bingu anatsegulira mu Okutobala 2010, mpaka lero ng'ona zikudikira sitima. Inunso munavota pa 16 Sepitembala 2025, mwavina, mwasintha munthu. Ndodo ija mwaiyang'ana?

Ndikudziwa, wina alemba kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, unapitiranji. Zoona. Winanso anena kuti chikolechi tachiitana tokha chifukwa timabwera ndi visa yodzacheza n'kukhazikika. Zoonanso, ndipo tisanamizane, tonse tikudziwa azakhali ena amene anabwera ku ukwati, pano ana a ukwatiwo ali ku sekondale iwo akadali "kucheza". Ifenso ndife a bodza. Timajambulitsa titatsamira galimoto ya ngongole, jekete la ku kaunjika wa kuno, n'kuika pa Facebook kuti Mulungu ndi wabwino, kenako tidabwe kuti mudzi wonse ukufuna kubwera. Ine ndemwe ndinatumiza chithunzi ndili pa chipale ndikuseka, chikhalirecho zala zinali zitafa. Koma olakwa ndi azakhali ajawo, n'chifukwa chiyani chindapusa chagwera mayi amene sanalumphepo ngakhale malire a pa Marka opanda chikalata? Kwa mfumu ya kwathu mbuzi ikadya mapira a mwini amalipitsa mwini mbuzi, osati aliyense wa mtundu wake.

Ndipo polemba izi mtima ukugunda, chifukwa chiyambire 2019 fomu ya visa imafunsa maina amene umagwiritsa ntchito pa Facebook ndi kwina konse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Taonani, ndafika poopa foni yanga yomwe, m'dziko limene ndinkamva kuti munthu amatukwana pulezidenti n'kukagona kwake. Amayi alibe Facebook, mwayi wawo. Ali ndi mbuzi 9, munda wa kudimba ndi manda a amuna awo. Chikole choposa chimenecho chiliponso? Mlendo ndi mame, ife timatero. Awa akufuna mamewo asiye madola 10,000 pa chipata.

Mwana akubadwa mu Januwale. Ndi woyamba, ndipo ndili ndi mantha, abale, ndisakubisireni. Bambo wake amagwira usiku ngati ine. Sindinkafuna kuti amayi adzaone America, alibe nayo ntchito. Ndinkafuna manja awo. Adzanditenthetsere madzi, adzandithowe, adzamusambitse mwanayo mmene anandisambitsira ine, adzaone mchombo ukagwa n'kundiuza chochita nawo, chifukwa ine sindidziwa, ndinachoka ndisanafunse. Ndasambitsa amayi a anthu ena zaka 6, ena andifera m'manja ana awo ali kutali, ine ndi amene ndinawatseka maso. Usiku wina ndimawerenga zaka za amayi n'kudzifunsa kuti iwowa adzawatseka ndani.

Achimwene, ndamva kuti mwayamba kufunsa mitengo ya ng'ombe zija. Musagulitse, chonde, ngakhale imodzi. Zonse pamodzi sizikwana, ndipo ndi zimene bambo anasiya. Ndiyamba kusunga ya tikiti, mwana akalimba khosi tibwera ifeyo, ngakhale kudzakhale kotentha bwanji. Nsalu ija amayi anagula pa Nchalo yoberekera mwana musaitumize, aisunge m'sutikesi. Muwagulire mankhwala a BP, ndatumiza dzulo, ndipo Lamlungu mukachoka kutchalitchi mukawaimike pa chulu paja pogwira netiweki, foni ikhale yodzaza moto. Ndili ndi mafunso ambiri oti ndiwafunse, ndipo ndikhala ndi kope ndi cholembera.