Tsamba lonena za kampani yathu si la kampani yathu

Maganizo anga lero atalikirapo, mundipirire.

Ena mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku kampani ya venture capital. Ntchito yathu ndi kutolera ndalama kwa anthu ndi mabungwe olemera, n'kuziika ngati mpamba m'mabizinesi ongoyamba kumene, ife n'kutengako masheya. Thumba limodzi la ndalama zoterezi kawirikawiri limakhala zaka 10, ndipo pa zaka zimenezo zambiri zimasintha. Ena mwa akuluakulu amachoka, thumba latsopano limatsegulidwa, bizinesi imene tinkainyadira imagwa, ina imene tinkaiderera imagulidwa ndi kampani yaikulu. Tsamba la Wikipedia, insaikulopediya ya pa intaneti imene aliyense akhoza kulembapo, silithamanga liwiro limenelo. Lonena za ife linaima zaka zinayi zapitazo ngati wotchi yotha batire. Linkatchulabe mkulu amene anachoka kalekale, likulu linali mumzinda umene tinasamukamo, ndipo thumba lathu laposachedwa silinkatchulidwa n'komwe.

Musaone ngati n'zazing'ono. Wachinyamata wofuna mpamba amayamba wafufuza dzina lathu pa Google asanatilembere imelo. Mtolankhani amene nthawi yamuthera amakopera pomwepo. Masiku ano ngakhale mapulogalamu a AI amatunga pachitsime chomwecho. Cholakwika chimodzi chimaswa ana ambiri.

Ndiye tsiku lina abwana anandiitana n'kundipatsa pepala la zinthu 6 zoti zikonzedwe. "Paja aliyense akhoza kulembapo, si choncho? Tangolowani mukonze, sizingakutengereni mphindi 10."

Ndinati, "Bwana, kulowa ndingathe, koma mundilole ndidzere khomo lina."

Anandiyang'ana ngati ndachita ulesi. Ndinawafotokozera zimene ndikufuna ndikufotokozereninso inu. Kuyambira mu June 2014, malamulo a bungwe la Wikimedia Foundation, limene limayang'anira Wikipedia, amanena kuti aliyense wolemba chifukwa choti akulipidwa aziulula amene anamulemba ntchito ndi amene akumulembera. Wantchito wotumidwa ndi abwana ake ali m'gulu limeneli, ngakhale palibe ndalama yapadera imene wapatsidwa pa tsikulo. Malipiro a pamwezi ndi malipiro ndithu. Komanso Wikipedia yachingerezi imalangiza mwamphamvu munthu wotere kuti asamasinthe yekha nkhani yonena za kampani yake. Njira yake ndi kupita ku tsamba la Talk, kumene akonzi amakambirana za nkhaniyo, n'kulembapo pempho, kenako kudikira wina wosakhudzidwa adzaliunike.

Poyamba inenso ndinkaona ngati ndi mwambo wongotaya nthawi. Chimene chinandisintha maganizo si malamulowo ayi, ndi pepala la abwana lija. Nditakhala nalo pansi ndinapeza kuti zinthu 4 zinali zolakwikadi: dzina la mkulu, likulu, thumba latsopano, ndi kuchuluka kwa ndalama zimene timayang'anira. Ziwiri zotsalazo zinali zamtundu wina. China chinali choti tichotse ndime yonena za bizinesi imene tinaikamo ndalama n'kugwa mochititsa manyazi, nyuzi n'kulemba. China chinali choti pachiyambi palembedwe kuti ndife kampani "yotsogola".

Abwana sankanama, ndipo si munthu wachinyengo. Iwo ankakhulupiriradi kuti ndime ija ndi "zakale". Inenso poiwerenga mtima unkandiwawa, chifukwa ndinalipo, ndikudziwa mmene tinayesera kuipulumutsa bizinesiyo, ndikudziwa anthu amene sanagone tulo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wa m'kati amavutika kusiyanitsa chinthu chimene chatha ntchito ndi chinthu chimene chikungomuchititsa manyazi. Zonse ziwiri zimamveka chimodzimodzi m'chifuwa. Zonse umazitcha "zakale".

Tengani chitsanzo cha Sequoia Capital, imodzi mwa makampani akale kwambiri pa ntchito yathuyi. Mu June 2023 inalengeza kuti ikugawika patatu: nthambi ya ku India ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia inakhala Peak XV Partners, ya ku China inakhala HongShan. Tsamba lonenabe kuti zonsezi ndi kampani imodzi lingakhale lolakwika, ndipo liyenera kukonzedwa. Koma Sequoia yomweyo mu November 2022 inalengeza kuti ndalama pafupifupi madola 214 miliyoni zimene inaika mu FTX, msika wa ndalama za pa intaneti umene unagwa mwezi womwewo, ikuziwerenga ngati zatayika zonse, ndipo nkhani yotamanda Sam Bankman-Fried, woyambitsa FTX, imene inali pa webusaiti ya Sequoia inachotsedwa. Kuchotsa pa webusaiti yawo ndi ufulu wawo, webusaitiyo ndi yawo. Koma nkhani ya FTX siisanduka bodza chifukwa choti zaka zapita. Yakalamba, komabe inachitika. Insaikulopediya ikamafufuta zoterozo ndiye kuti yasanduka kabuku kotsatsa malonda, ndipo ife tomwe timakafufuzapo za makampani ena tisanaikemo ndalama tingakhale oyamba kudandaula.

Tisaiwalenso kuti mlandu suola. Chilichonse chimene munthu wasintha pa Wikipedia chimasungidwa, ndipo aliyense akhoza kuona amene anasintha, tsiku lake ndi ola lake. Mu 2007 Virgil Griffith anapanga pulogalamu ya WikiScanner, imene inkalumikiza zosintha zopanda dzina ndi makompyuta a mabungwe kumene zinachokera. Kampani ya Diebold, yopanga makina ovotera, inapezeka kuti ndime zoidzudzula zinachotsedwa kuchokera pa makompyuta ake. Mu 2013 maakaunti oposa 250 anatsekedwa pa nkhani ya kampani ya Wiki-PR, imene inkalipidwa kuti izilembera makampani masamba pa Wikipedia, ndipo mu 2015 enanso 381 anatsekedwa pa mlandu umene unatchedwa Orangemoody, wa anthu olipiritsa ena mwachinyengo kuti awalembere masamba. Ngakhale Jimmy Wales mwiniwake, amene anayambitsa Wikipedia mu 2001 pamodzi ndi Larry Sanger, anagwidwa mu 2005 akusintha mbiri yake, n'kuchotsa mawu osonyeza kuti Sanger anali mnzake woyambitsa naye. Ngati iyeyo anaterereka, ine ndine yani? Ndipo pa ntchito yathu katundu amene timagulitsa ndi chikhulupiriro. Munthu amatipatsa ndalama zake zaka 10 osaziona. Tsiku limene mtolankhani angalembe kuti tinafufuta mobisa mbiri ya bizinesi imene inagwa, ndime yaing'ono ija ingasanduke mutu wa nkhani.

Apa ndinenepo za maimelo amene amabwera onena kuti "tili ndi akonzi athu m'kati, tilipireni tikukonzereni". Afufuteni.

Komatu sindikufuna kunamizira kuti njira yoongokayi ndi yokoma. Imawawa, ndipo mbali ina ndi yosalungama. Wotsatira malamulo amadikira milungu, pamene wakuba njira amakonza tsiku lomwelo. Akonzi ndi anthu odzipereka, salipidwa, ndipo palibe amene amadzuka m'mawa n'kulakalaka kuwerenga za thumba la ndalama la kampani imene sanaimvepo. Choipitsitsa n'choti mawu ako sawerengedwa ngati umboni. Ine ndimakhala mu ofesi momwemo, ndimapatsana moni ndi mkulu watsopanoyo tsiku lililonse, koma ndikati "ndikudziwa chifukwa ndimagwira komweko" palibe chimene ndanena. Mu 2012 wolemba mabuku Philip Roth anauzidwa zofananazo atafuna kukonza zimene zinalembedwa zokhudza buku lake lomwe. Anamuyankha kuti pakufunika umboni wochokera kwa ena. Mapeto ake analemba kalata poyera m'magazini ya The New Yorker, kalatayo n'kukhala umboni umene unkafunikawo. Zimaseketsa, koma taganizani muli mbali inayo. Mkonzi sakundiona. Aliyense akhoza kunena kuti amagwira kwathu, ngakhale munthu amene tinam'mana mpamba ndipo ali ndi mangawa nafe. Lamulo limene likundichedwetsa ine ndi lomwelo limene likumutsekera iyeyo.

Pa makampani ngati athu nkhani ya umboni ndi yovutirapo, chifukwa manambala ambiri amachokera kwa ife tomwe. Sitili pamsika wa masheya kumene kampani imakakamizidwa kuulula zambiri. Mawu oti "ndalama zimene timayang'anira" amatanuka ngati labala. Wina amawerenga zonse zimene anatolera chiyambire, wina amawerenga zimene analonjezedwa koma sizinalowe, wina amawerenga mtengo umene akuganiza kuti masheya ake afika lero. Aliyense amasankha nambala yonenepa. Ku America makampani ambiri otere amapereka fomu yotchedwa Form ADV ku bungwe la boma loyang'anira misika ya masheya la SEC chaka chilichonse, ndipo aliyense akhoza kuiwerenga pa intaneti, choncho mkonzi ali ndi poyambira. Kumene kulibe zoterezi amangodalira nyuzi, ndipo nyuzi zambiri zimangobwereza chikalata chimene kampani yatumiza. Mkonzi wochenjera amazindikira fungo lake.

Zimene ndinachita ndi izi. Ndinatsegula akaunti yanga ndekha, osati m'dzina la kampani, chifukwa maakaunti a dzina la kampani kapena ogwiritsa ntchito anthu angapo saloledwa. Pa tsamba langa ndinalemba poyera kumene ndimagwira. Kenako pa Talk ndinaika zopempha 4, chilichonse pachokha: chiganizo ichi chisinthidwe chikhale chonchi, umboni wake ndi uwu. Mawu otamanda ndinawasiya onse. Ziwiri zija sindinazipemphe, ndipo abwana ndinawauza maso ndi maso kuti sindidzazipempha. Sanasangalale, koma sanatumenso wina.

Panapita milungu pafupifupi 5 kuli zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, koma abwana ankandifunsa Lolemba lililonse. Kenako munthu wina amene sindimudziwa, mwina ali kutsidya lina la dziko, anayankha. Zitatu anakonza. Chachinayi, cha kuchuluka kwa ndalama, anakana, ati umboni wanga unali nkhani ya m'nyuzi yongokopera chikalata chathu chomwe. Ndinabwerera kukaiwerenga nkhaniyo. Sanalakwe, ziganizo zina ndinazizindikira chifukwa ndinalemba ndine.

Ali pomwepo anaonanso kuti umboni wa ndime ya bizinesi yakugwa ija unali wofooka, ndiye anaikapo wina wamphamvu. Abwana ataona anangoti, "Ndiye mwatithandiza kapena mwatipweteka?" Ndinawayankha kuti mkulu wathu tsopano ndi wolondola, likulu ndi lolondola, thumba latsopano lalembedwa. Nambala ya ndalama ikadali yakale. Pempho lake ndalisiya lotsegula, ndikudikira tsiku limene munthu wosadya za kampani yathu adzailembe.