Thumba likafumbutuka padzuwa, musati lawola

Anzanga a kuno ku Kasungu, ambiri mumati matumba a feteleza alibe vuto chifukwa amawola okha. Ine ndikukana. Lisiyeni thumba padenga la chigafa kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mukaligwira lingoyoyoka ngati gaga. Komatu tizidutswato ndi pulasitiki yemweyo, chiswe sichidya, nthaka siimeza.

Matumbawa amalukidwa ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene. Popanga pulasitikiyu kufakitale amagwiritsa ntchito mankhwala ofulumizitsa ntchitoyo otchedwa catalyst, okhala ndi chitsulo cha titaniyamu, njira imene asayansi Karl Ziegler ndi Giulio Natta analandirira mphoto ya Nobel mu 1963. Ntchito ikatha, tizitsulo tochepa zedi timatsalira mkati, maso sangatione n'komwe. Dzuwa ndi kutentha zikayamba, mpweya wa okosijeni umagwirana ndi ulusi n'kupanga mankhwala otchedwa ma peroxide. Paokha ma peroxide amachedwa kusweka, koma akakumana ndi kachitsulo amasweka msanga, ndipo zotulukapozo zimadula ulusi n'kupanganso ma peroxide ena. Kachitsuloko sikatha, kamangobwereza ntchito yake. N'chifukwa chake thumba limaoneka lolimba miyezi ndithu, kenako n'kuthera kamodzin'kamodzi.

Opanga amazidziwa bwino izi. Amathiramo mankhwala otchinga okosijeni, ena otchinga dzuwa, enanso monga calcium stearate othetsa mphamvu ya asidi wochokera ku zotsalira zomwezo. Mankhwalawa ndi ndalama, ndiye wofuna kutchipitsa amangowaza pang'ono. Mabeseni awiri ogula tsiku limodzi pamsika, lina likhala zaka, lina lisweka mlomo chaka chisanathe, ife n'kumakalipira ana kuti sasamala.

Chimene chimandinyansa ndi majumbo amene amawatcha owola okha. Ena mwa amenewa amathiramo dala zitsulo monga cobalt, manganese kapena ayironi kuti asweke msanga. Kusweka amaswekadi, koma amangosanduka tinyenyeswa tosatheka kutola. Mayiko a European Union anawaletsa kuyambira mu 2021. Ife kuno tinaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 kukhuthala kwake (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi) mu 2015, khothi la Supreme n'kuvomereza mu 2019. Wina asadzabwere ndi oterewa n'kumati wapeza njira yozembera lamulo, timukane poyera.

Kwa ife alimi a fodya nkhaniyi imafika m'thumba la ndalama. Ulusi wa pulasitiki ukapezeka m'belo ku okushoni ya Chinkhoma, belo limabwezedwa, transipoti n'kulipiranso. Thumba latsopano silithothoka wamba, lothothoka ndi lija lagonera padzuwa kenako mayi akuyalapo masamba posankha. Matumba abwino sungani m'nyumba mumthunzi. Layamba kuyera mbuu n'kumachita fumbi m'manja, lisayandikirenso pachigafa.